Mphindi Makumi Asanu pa Chileka

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu amene wandisunga mpaka ndapuma pa ntchito ndikadali ndi maso oona ndi dzanja logwira cholembera. Sukulu ndinalekeza Sitandade 6, ndiye pamene ndalakwitsa mundikhululukire. Mutu uno ndikulembera nonse, ana anga ndi adzukulu, koma makamaka iwe Felesiya, mwana wanga woyamba. Za tsiku lija la pa Chileka, iwe ukudziwa zimene unaona uli pakhonde la m'mwamba. Zimene zinkachitika pansi, m'chipinda chimene ndinali ine, sindinakuuzepo bwinobwino.

Ntchito yanga yoyamba inali yolera ana kwa mzungu wina wa ku Joni amene ankakonza misewu ku Blantyre. Ndinailowa bambo ako atangomwalira, iwe uli ndi zaka zitatu. Patatha chaka ntchito ya bwanayo inatha, ndipo adona anandiitanira kukhitchini nati, "Agnes, anawa akuzolowera. Tiye ku Pretoria, mapepala tikukonzera ndife." Ndinafunsa za mwana wanga. Iwo anayang'ana pansi, nati lamulo la kwawo silinkalola wantchito kukhala ndi mwana kuseri kwa nyumba ya mzungu. Ndinapemphera masiku atatu. Kenako ndinakutenga kukakusiya ku Lunzu kwa achemwali anga aakulu, a Nangozo, ndikuwauza kuti ndi zaka ziwiri zokha. Tinayenda pa galimoto masiku anayi. Ndege ndinali ndisanaikwerepo, ndinkangoiona ikudutsa pamwamba pa mudzi wathu potsikira ku Chileka.

Ku Pretoria anandipatsa kachipinda ka kuseri, pafupi ndi galaja. Kuzizira kwa mwezi wa Juni kumeneko sindidzakuiwala. Madzi a mumpopi wa panja ankauma gwaa, ndipo ndinkagona nditavala majuzi awiri. Adona sanali munthu woipa, koma anali ndi malamulo awo. Kapu yanga ndi mbale yanga zinali zachitsulo, ndipo malo ake anali pansi pa sinki. Bwana anali wosayankhulayankhula. Ndikawafunsa za tchuthi chokaona mwana ankangoti, "Chaka chamawa, Agnes, pepala lako likavuta pobwerera titani?" Chaka chamawacho chinkafika, n'kusandukanso chaka chamawa. Masiku amenewo kumene lero mukuti Centurion kunali minda ndi tchire, ndipo mafuta a galimoto ankavuta, moti Loweruka ndi Lamlungu mapampu ankakhala otseka. Kalata inkatenga masabata atatu kupita, atatu kubwera. A Nangozo akalemba, m'munsi mwake iwe unkawonjezera mizere iwiri ndi pensulo, zilembo zikuluzikulu zopendekeka. Mizere imeneyo ndiyo inkandidzutsa m'mawa.

Chimene chinandisunga ndi Lachinayi. Tsiku limenelo masana antchito a m'nyumba tinkapuma, ndipo ife a ku Malawi tinkakumana ku Sunnyside, pa kapinga pansi pa mitengo ya jakaranda, poti mabenchi sanali athu. Tinkaimba motsitsa mawu, kupemphera, n'kuwerengerana makalata. Amene ankatitsogolera anali a Kamwendo, bambo wachikulire wa ku Ntcheu amene anakhalitsa ku Joni. Banja lawo linali ku Ga-Rankuwa, ndipo iwo anali mesenjala pa ofesi ina yogulitsa matikiti a ndege m'tauni.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970

Ana aja atakula n'kuyamba sukulu, kunyumbako kunabwera amayi awo a bwana kuchokera ku famu. Tonse tinkawatchula kuti Ouma, ndiye kuti agogo m'chiyankhulo chawo. Miyendo inali itafooka, mutu nawo unali utayamba kuiwala. Mwana wawo weniweni ankamufunsa kuti ndiwe yani, koma ine sankandilola kuchoka pafupi. Ankanditchula Anna, dzina la mayi wina amene anawagwirira ntchito kalekale. Ndinayesa kuwakonza mpaka ndinatopa, n'kungovomera. Ndinkawasambitsa, kuwadyetsa phala, kuwapesa. Nyimbo zina za kutchalitchi kwawo zinali ndi maimbidwe omwewo a kwathu, ndiye iwo ankaimba m'chiyankhulo chawo, ine m'Chichewa, mpaka atagona.

Tsiku lina bwana anati Ouma apita kukakhala ndi mwana wawo wamkazi ku Mangalande, ndipo dokotala wanena kuti sangakwere ndege popanda wowaperekeza amene amamudziwa. Wowaperekezayo ndinali ine. Ndege za ku Joni masiku amenewo sizinkaloledwa kudutsa pamwamba pa mayiko ambiri a mu Africa chifukwa cha tsankho, ndiye zinkazungulira kunyanja yamchere. Bwana anasankha njira ina yoti tikasinthe ndege pa Chileka. Chileka! Kuchokera ku Lunzu munthu amapita ndi njinga. Tsiku lomwelo ndinalemba kalata: "Achemwali, ndifika pa Chileka tsiku lakuti, nthawi yakuti. Mubwere naye Felesiya." Sindinafunse munthu. M'mutu mwanga munali basi ya ku Mwanza ikaima pa Lunzu: anthu amatsika, kuwongola miyendo, kugula nthochi, kupatsana moni ndi abale, kondakitala akamenya chitseko n'kukweranso.

Patapita masabata awiri a Kamwendo anabweretsa matikiti kunyumba, poti bwana anagula ku ofesi kwawo. Lachinayi lotsatira ndinawauza mokondwera za kalata yanga. Anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Achemwali, mwalemba kuti mufika, kapena kuti mudutsa?"

"Kusiyana kwake n'chiyani, achimwene? Ndege itera pa Chileka, ine ndili momwemo."

"Hawu! Mwayesa ndi basi ya kwanu imene imadikira munthu atsirize kukangana mtengo wa tomato?"

Amayi ena anaseka, koma iwo sanaseke. Anatulutsa tikiti yakale m'thumba la jekete, kabuku kakang'ono ka masamba opyapyala ofiira kumbuyo, n'kuyamba kundiphunzitsa ngati mwana wa Sande sukulu. Anati kuima kwa ndege kuli pawiri. Kwina imangotera kuti imwe mafuta, kenako mupitirira ndi ndege yomweyo. Kwina mumatsika n'kukwera ina, ndipo kwathu kunali kumeneko. Tsamba lililonse ndi ndege yake: loyamba adzang'amba ku Joni, lachiwiri pa Chileka. Pakati pa ndege ziwirizo amakulowetsani m'chipinda cha anthu odutsa, chimene amati thiranziti.

"Muli m'chipinda chimenecho, phazi lanu lili pa Malawi, koma boma likuti simunafike. Wa kunja salowa, wa m'kati satuluka."

"Koma ine pasipoti yanga ndi ya ku Malawi."

"Inu mukhoza kutuluka, palibe angakuletseni. Koma muima pamzere wodinditsa pasipoti, muimenso wa akasitomu, pobwerera muzungulire khomo lina akuyang'aneninso. Akaitana inu kulibe, ndege ipita, tsamba lanu lachiwiri lafa, ndi lobwerera lomwe. Nanga agogowo muwasiya ndi yani? Iwo dzina lawo lalembedwa kuti sayenda okha."

Anawerenga pa pepala lawo nati pakati pa ndege ziwirizo panali maola awiri. "Mulungu akakomera mtima, mukapeze munthu wabwino wogwirizira agogowo, mwina theka la ola mulipeza. Koma lembani kalata ina lero lomwe, anthu asaphe mbuzi." Ndinalemba. Masiku otsala anali khumi, ndipo kalatayo inafika ku Lunzu ine nditadutsa kale.

Tsiku la ulendo

Ndinali nditakugulira diresi la buluu, nsapato zakuda za kusukulu ndi bulangete la a Nangozo. Zonse ndinazilongedza bwinobwino m'sutikesi yanga. Pa bwalo la ndege la ku Joni anaiyeza, n'kumangirira kapepala pa chogwirira, lamba woyendetsa katundu n'kuitenga. Sindinafunse kuti kapepalako kalembedwa chiyani.

Kunagwa chimvula cha mabingu, ndipo tinakhala pansi ola lathunthu ndi kanthu tisananyamuke. Ine ndinkangoyang'ana wotchi ya pakhoma ikudya maola anga awiri aja. M'ndege munandidabwitsa. Ndinakhala mpando woyandikana ndi Ouma, ndipo mtsikana wachizungu anandipatsa chakudya m'mbale yofanana ndi ya wina aliyense, n'kundifunsa ngati ndikufuna tiyi kapena khofi. Ndinatembenuka kuona ngati akufunsa wina kumbuyo kwanga. Koma chakudyacho sichinalowe. Ndinangotenga masiwiti awiri n'kumanga pa mpango.

Atatsegula chitseko pa Chileka, mpweya wa kwathu unandimenya kumaso, wotentha, wonunkhira dothi lonyowa. Ndinaona phiri la Michiru lili pomwe ndinalisiya. Amuna awiri anatsitsa Ouma pa masitepe n'kuwakhazika pa njinga ya odwala, ine n'kuyamba kukankha. Pamenepo ndinamva nyimbo. Pakhonde la m'mwamba, pamene anthu ankaimirira poona ndege, panali amayi a mpingo wathu wa ku Lunzu atavala zoyera, akuimba ndi kuomba m'manja. Pakati pawo a Nangozo akukupiza chitenje, akufuula, "Agnesi! Agnesi uyo!" Kutsogolo kwawo kunaima atsikana atatu a msinkhu umodzi. Felesiya, ndikuuze zoona pamaso pa Mulungu: sindinadziwe kuti iwe ndi uti. Ndinakusiya uli ndi zaka zinayi, apa unali ndi khumi. Ndinangokweza dzanja kwa onse atatu.

Anthu otsikira pomwepo analowera khomo la kumanja. Ife odutsa anatilozera la kumanzere. Mayi wina wa yunifolomu, Mmalawi mnzathu, ndiye ankatilandira, ndipo anati ndege yathu yachiwiri inyamuka pakatha mphindi makumi asanu, koma ayamba kukweza ndi odwala. Ndinamugwira mkono.

"Amayi, mwana wanga ali pamwambapa. Zaka zisanu ndi chimodzi sindinamuone. Ndiponso mphatso zake zili m'sutikesi, ndikaitenge kuti?"

Anayang'ana tikiti yanga n'kupukusa mutu. "Mayi, sutikesi yanu yalembedwa mpaka ku Mangalande. Siilowa muno. Onani, ndi iyo apo."

Ndinasuzumira pawindo. Inali pa kangolo pamodzi ndi ena, amuna awiri akuikoka kuchoka pa ndege ina kupita pa inzake. Diresi lako linadutsa pamaso panga chonchi, pansi pa khonde limene unaima.

Mayiyo anandimvera chisoni. Anati, "Agogowa ndikhoza kukhala nawo mphindi khumi. Koma mzere wa mapasipoti mwauona? Ndege yonse ili pamenepo. Mukachedwa ine ndilibe mphamvu yoimitsa ndege, ndipo agogowa nawonso atsala. Ganizani msanga."

Nthawi yonseyi Ouma anali atasokonezeka. Kutentha, phokoso ndi nkhope zachilendo zinawachititsa kuganiza kuti tawabweretsa kuchipatala. Ndipo anali atadzionongera. Ndinawalowetsa m'chimbudzi, kuwapukuta, kuwasintha zovala mofulumira. Potuluka, mphindi khumi ndi zisanu zinali zitapita. Ndinawaika pafupi ndi mayi uja, n'kunena kuti, "Ndikubwera, Ouma." Ndinayenda mpaka pakhomo. Dzanja langa linagwira chitseko, ndipo nyimbo ya kumwamba ija ndinkaimva bwinobwino, liwu la a Nangozo likuposa onse monga mwa masiku onse. Kumbuyo kwanga Ouma anakuwa, akuyesa kudzuka pa njinga ija ndi miyendo yosagwira, akukankha mayi wa yunifolomu: "Anna! Anna, usandisiye kuno!"

Ndinaima pamenepo, sindikudziwa kuti nthawi yaitali bwanji. Ndinati, Ambuye, ndiuzeni. Sindinamve liwu lililonse. Sindikunamizani kuti ndinangoganiza za nkhalambayo. Ndinaimvera chisoni, inde, poti pa dziko lonse nkhope imene inkaidziwa inali yanga yokha. Koma ndinaopanso. Ndege ikatisiya, ntchito yatha, ndipo ntchito imeneyo ndiyo inkakuphunzitsa iwe ndi ana a a Nangozo. Ndinaona mzere wa mapasipoti kudzera pagalasi, usakusuntha n'komwe. Ndinachotsa dzanja pa chitseko, n'kubwerera kukagwada pafupi ndi njinga ija. Ouma anandigwira dzanja mwamphamvu mpaka zikhadabo zinalowa.

Ndinavula juzi imene ndinavala, n'kukulungamo masiwiti awiri aja, n'kupempha mayiyo kuti akapereke kwa mwana dzina lake Felesiya, ndipo akafotokozere achemwali anga kuti sindingathe kutuluka. Anathamanga, Mulungu amudalitse kulikonse kumene ali, dzina lake sindinalifunse. Posakhalitsa nyimbo ya kumwamba ija inaleka. Atabwerera ndinamufunsa kuti mwana wati chiyani. Anazengereza.

"Nenani, amayi."

"Walandira. Koma wati ndikufunseni kuti, kodi agogo achizunguwo alibe ana awo?"

Anatiitana. Ndinakankha njinga ija kudutsa pabwalo, dzuwa likuswa mtengo. Pakhonde panali zii. Nditatembenuka ndinaona a Nangozo atanyamula mtsikana mmodzi m'mwamba, wamtali kale woti sakanayenera kunyamulidwa, atafumbata juzi yanga. Pamenepo m'pamene ndinakudziwa. Chipumi cha bambo ako chenicheni. Ndinafuula dzina lako, koma injini zinali zitayamba kulira. Iwe sunakweze dzanja.

M'ndege Ouma anagona ngati khanda, mutu uli paphewa langa. Ine ndinalira mpaka mtsikana wogawa chakudya anandibweretsera madzi osafunsa kanthu.

Kulowa m'zaka za m'ma 1980

Ku Mangalande ndinakhala masabata atatu kuti Ouma azolowere mwana wawo. Pobwerera tikiti yanga inalembedwa njira ina ija ya kunyanja, ndipo tinaima pa chilumba china kumwetsa ndege mafuta. Mphatso zako zinabwerera nane ku Pretoria zitazungulira dziko lonse. Ndinazitumiza pa positi, ndipo nsapato zinakafika zili zothina. A Nangozo analemba kuti anabwereka lole, ndipo mbuzi inali itaphedwa kale m'mawa. "Tinadya ndithu," anatero, "poti mbuzi sidziwa za thiranziti." Ndinaseka, kenako ndinayang'ana m'munsi mwa kalatayo. Munalibe mizere ya pensulo. Kalata yotsatira chimodzimodzi, ndi inzake.

Ouma anamwalira chaka chisanathe. Mwana wawo wamkazi uja analemba kuti mpaka kumapeto ankafunsa kuti Anna wapita kuti. Tsiku limene kalatayo inafika ndinapeza adona ndi bwana ali patebulo, ndipo ndinayankhula zimene ndinali ndisanayankhulepo chilowere m'nyumba imeneyo. Ndinati, "Amayi anu sindinawasiye. Wanga ndinamusiya kawiri. Ndikupempha mwezi wathunthu chaka chilichonse, ndi pepala lokonzedwa loti ndizibwerera. Ngati sizitheka, ndipita ulendo umodzi." Bwana anati, "Uitane Kamwendo mawa." Ndimawathokoza mpaka lero, chifukwa mawu amenewo anawasunga zaka zonse zimene ndinagwira kwawo.

A Kamwendo pobweretsa tikiti anaitsegula pamaso panga. "Werengani nokha, achemwali. Tsamba ili Chileka. Ili lobwerera. Pakati pake mwezi. Koma ulendo uno kalata ndilemba ndine."

Tsiku limenelo kunalibe lole, kunalibe nyimbo. Ndinalowera khomo la kumanja, ndinaima pamzere, anandidindira pasipoti, ndinatenga sutikesi yanga ndi manja anga. Panja panali a Nangozo ndi iwe basi. Achemwali anandikumbatira tikulira tonse. Iwe unaima kumbuyo kwawo, manja uli nawo kumsana, n'kundipatsa moni waulemu ngati mlendo wa abusa.

"Mwayenda bwanji?"

"Ndayenda bwino, mwana wanga. Tiye kunyumba."

"Ndege yanu inyamuka nthawi yanji?"

"Ndegeyo ibwerera yokha. Ine ndatsika."

Sunasunthe. A Nangozo anayamba kukalipa kuti basi itisiya, koma ndinawaletsa. Unatembenuka n'kukwera masitepe opita pakhonde la m'mwamba, ine pambuyo pako ndi chisutikesi changa. Tinaima pamenepo ola lathunthu. Tinaona akuthira mafuta, akukweza katundu, anthu akuyenda pamzere kukakwera. Unkawayang'ana mmodzimmodzi, kenako n'kundicheukira ine, kenako iwonso. Anachotsa masitepe, anatseka chitseko. Ndege inathamanga, inadzuka, inakhota cha ku Michiru mpaka inasanduka kadontho n'kuzimirira.

Pamenepo m'pamene unandigwira dzanja, n'kunena kuti, "Amayi, tiyeni."